Kuvina kwa Ana a Chitalu

Chaka chimenecho madzi ku Chelstone, mu Lusaka, ankabwera dzuwa likapendeka, ndipo aliyense ankathamangira kumpopi ndi zigubu madziwo asanathawenso. Tryness, mkazi wa Mukuka Chitalu, anali chiweramire kuseri kwa nyumba akudzaza dramu pamene phokoso lija linayambanso m'chipinda cha kumapeto. Gu. Gugu. Gu. Chinali chidendene cha munthu chikumenya simenti, kenaka chigongono chikugunda kabati. Pansi pa phokosolo pankamveka lina laling'ono, la zala zikuwomba beseni lachitsulo pang'onopang'ono, ndi mawu a mayi wokalamba akung'ung'udza nyimbo ya Chibemba imene Tryness, mwana wa ku Katete, sankadziwa tanthauzo lake.

Mayi wa nyumba yoyandikana, amene ankaanula zovala, anasuzumira pamwamba pa mpanda.

"Bana Destiny, bayamba futi?" anafunsa, akuitana Tryness ndi dzina la mwana wake.

"Ba mulamu badwala chabe. Bakudya manje."

"Kudya na ng'oma?" Mayiyo anakoka shati lotsiriza pachingwe osachotsa n'zopanira zomwe. "Ife kwathu odwala sitimuimbila ng'oma, mwandi."

Chitseko chake chinatsekedwa, loko n'kulira kawiri. Tryness anatsala yekha ndi madzi akusefukira pamapazi pake, ndipo kuchokera pawindo la chipinda chija kunkatuluka fungo limene linali litakhazikika m'nyumbamo kwa zaka: phala lamapira, mkodzo, ndi mafuta otikitira minofu.

Nyumbayo inali ya malemu Nicodemus Chitalu, apongozi ake a Tryness, munthu wa ku Luapula amene anagwira ntchito m'boma mpaka imvi, mkulu wa mpingo wovala tayi ngakhale popita kukagula buledi. Iyeyo ndiye anayamba. Poyamba anthu ankanong'ona kuti mdala wayamba kumwa mobisa, chifukwa ankayenda modzandira ndipo mawu ankamulemera. Kenaka mapewa anayamba kudumpha okha, mutu kugwedera, zala kuyenda patebulo ngati zikusaka kanthu kotayika. Pomalizira thupi lonse linkangopotokola tsiku lathunthu, osapuma mpaka tulo titamugwira. Anthu a mumsewumo anatcha matendawo kuvina. Mkazi wake atamwalira ndi matenda othamanga magazi, mng'ono wa mkaziyo, ba Helen, anachoka ku Samfya kudzasamalira wodwala. Ba Helen anali asanaberekepo. Anafika ndi sutikesi imodzi ndi beseni lachitsulo, nalowa m'kanyumba ka antchito kuseri.

Nicodemus ataikidwa m'manda, anthu anati zapita ndi mwini wake. Koma patapita zaka zochepa mwana wake woyamba, Katongo, anayamba kugwetsa makapu. Iye sanavine nthawi yaitali. Tsiku lina masana, akuwoloka msewu pafupi ndi City Market, miyendo inamutengera kumene iye sankafuna, ndipo minibasi inamupeza pomwepo. Amene anaona anati munthuyo analowa mumsewu akuvina koma nkhope ili ndi mantha, ngati mbuzi imene ikukokedwa ndi chingwe.

Kenaka anali Virginia, mwana wachiwiri, mphunzitsi pa sukulu ina ku Kabulonga. Choko chinayamba kumupulumuka m'manja, ana asukulu n'kumaseka. Tsopano ndiye anali m'chipinda cha kumapeto chija, wowonda ngati nkhuni, akumenya simenti ndi chidendene. Mwa ana atatu a Chitalu, wotsala ali chilili anali Mukuka yekha, chitsirizira, ndipo iye anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Destiny, amene anali atangoyamba kumene sukulu. Mukuka sankanena, koma m'mawa uliwonse asanapite kuntchito ku Northmead ankatambasula manja ake m'bafa n'kuwayang'anitsitsa. Ankafuna chinthu chimodzi chokha padziko: kuti chimene chinkadya nyumba ya Chitalu chilekeze pa Virginia, chisamufike iye kapena mwana wake.

Kunena zoona, anali atauzidwa kale. Tryness ndiye anaperekeza Virginia ku chipatala chachikulu matenda atangoyamba. Dokotala wake, mayi wa magalasi okhuthala, anafunsa za bambo awo, anafunsa za Katongo, kenaka anafunsa za agogo awo obereka bambo. Za agogowo panalibe amene ankadziwa kanthu. Dokotalayo anafotokoza kuti thupi la munthu limamangidwa motsatira timalangizo tating'ono kwambiri timene timabwera m'mbewu ya makolo, ndipo timakhala tiwiritiwiri, kamodzi ka kwa mayi, kanzake ka kwa bambo. Zotengera zina zimabisala, zimadikira kuti mayi ndi bambo onse apereke zofanana, n'chifukwa chake makolo akuda amatha kubereka mwana wachialubino. Koma matenda awa ayi, kamodzi kolakwika n'kokwanira. Kholo limene lili nako limapatsira mwana kabwino kapena koipako, mwayi wake theka, mwana aliyense payekha. Sikasankha wamwamuna kapena wamkazi, woyamba kapena wotsiriza. Ndipo nthawi zambiri kamakhala chete mpaka munthu atakula, atakwatira, atabereka. Mankhwala ochiza panalibe, koma magazi akanatha kuyezedwa kuti munthu adziwe pamene waima.

Tryness atabwera nazo kunyumba, Mukuka anamumvera akuvula nsapato.

"Theka?" anafunsa. "Katongo, Virginia. Babili pa batatu. Ndiye theka ya ku sukulu iti iyo?"

"Bakamba ati mwana aliyense ni payekha, bashi Destiny. Monga ungabale bakazi bekabeka."

"Na kuti vichokela kuli badadi?"

"Ndiye mwamene bakambila."

Mukuka anaseka, nayika nsapato pambali. "Iwe, kwathu mwana ni wa mai. Mukowa titenga kuli mai, magazi titenga kuli mai. Tate ni tambala chabe, alila kuseni ayenda. Manje tambala angadwalitse bwanji mazila yamene sanaikile?"

Umu ndi mmene iye anakulira. Kwawo mtundu wa munthu, umene amati mukowa, umayenda m'mimba ya mayi. Amalume ndiwo eni ana. Za abale a kuchimuna munthu amangodziwa mayina ochepa, ndipo palibe amene amawerenga manda awo. Komanso kwawoko, monganso kwathu kuno, amati mfiti siidya kutali, imadya a mimba yake. Choncho anthu a mumsewu atayamba kunong'ona, mawu awo anagwera pa nthaka yolimidwa kale. Ndani wa mukowa umodzi ndi anawa amene ali pakhomopo? Ndani wosabereka amene angachitire nsanje ana a mkulu wake? Ndani anafika wodwala ali mmodzi, tsopano manda ali awiri ndipo achitatu akukumbidwa? Za Nicodemus, amene sanali wa mukowa wawo, yankho linalipo: fisi akafuna mbuzi amayamba wachotsa galu.

Ndiye panali beseni lija. Madzulo ena magetsi atazima, Mukuka anasuzumira pa chitseko cha mlongo wake. Ba Helen anali atakhala pampando waufupi, beseni lili chovundikira pamiyendo, dzanja limodzi likuwomba, lina litagwira supuni. Virginia anali atatsamizidwa pakhoma ndi mapilo, mapewa akudumpha, miyendo ikupalasa, maso ali pa nkhalambayo osaphethira. Kuwala kwa kandulo kunkaponya mithunzi yawo pakhoma, wina akuimba, wina akuvina. Ba Helen ankawomba katatu, n'kuleka, n'kuika supuni m'kamwa, n'kuwomba kamodzi mwamphamvu. Khosi la Virginia linkatsika n'kukwera. Mukuka sanaone khosilo. Anaona ng'oma ndi wovina, ndipo anabwerera chafutambuyo.

Chimene chinaswa mtsuko chinachitika Lamlungu masana, atabwera kutchalitchi. Mukuka anatulukira kuseri kukasamba m'manja, napeza Destiny ataima pakhomo pa kanyumba ka ba Helen, akadali mu diresi lake loyera. Mwanayo ankadumphitsa mapewa, mutu ukugwedera, phazi likumenya pansi. Gu. Gugu. Ba Helen anali pomwepo akutsuka beseni, ndipo beseni likagunda mwala linkalira.

"Destiny!"

Mwanayo analeka nthawi yomweyo, naseka. "Nichita monga ba anti, dadi."

Koma Mukuka anali atadutsa kale. Tryness, amene anakhala naye zaka zonsezo osamumvapo akukweza mawu, sanamuzindikire mwamuna wake. Mukuka anakankha chitseko cha kanyumbako ndi phazi, natulutsa sutikesi, naiponya kunja kwa geti mpaka inatseguka, zitenje ndi Baibulo la Chibemba n'kumwazika mufumbi. Beseni analipondaponda mpaka linaphwanyika pakati.

"Mwadya badadi! Mwadya Katongo! Manje mufuna mwana wanga?"

"Mukuka, mwana wandi," anatero ba Helen, "nimamuimbila Virginia kuti ameze. Akamvela kugunda, aziba ntawi yomeza. Batata bako ndiye banani..."

"Chokani! Chokani nikalibe kuchita chintu choipa!"

Mageti a mumsewu anatseguka limodzi. Anthu amene kwa zaka ankangosuzumira pamipanda anatuluka, ena akadali ndi mabuku a nyimbo m'manja. Wina anayamba mawu akuti mfiti, ena n'kuwalandira. Mwala woyamba unaphonya, wachiwiri unang'amba nkhalambayo pamwamba pa diso. Mulungu atikhululukire anthu, chifukwa pa zinthu zotere miyendo yathu imafulumira kuposa mitu. Ba Helen anatola zitenje zimene anatha kutola. Asanatembenuke kulowera kumsewu waukulu, anayang'ana Tryness magazi akutsikira patsaya.

"Bana Destiny, phala ikazinkala yolimbako, osati yamanzi. Mumunkazike bwino, mutu kutsogolo. Osamupasa buledi."

"Wamvela?" Mukuka anauza mkazi wake anthu akumva. "Akali kulamula na pamene ayenda. Vonse vamene akamba, tizachita vosiyana."

Beseni linaleka kulira m'nyumba ya Chitalu, koma chidendene sichinaleke. Tsopano chinkamveka chokha, chopanda mayimbidwe, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Virginia ankayang'ana kuchitseko nthawi zonse, pakamwa pakuyesa kuumba dzina limene lilime linkakana. Phala lamadzimadzi limene Tryness ankamupatsa linkabwerera m'mphuno, ndipo ankatsokomola mpaka maso kufiira. Tryness anayesa kulimbitsa phalalo mobisa, koma sankadziwa nthawi yoika supuni, ndipo mutu wa wodwala unkathawa supuni isanafike. Mukuka ankati ndi mankhwala a nkhalamba ija akutuluka m'thupi.

Loweruka lotsatira m'mawa iye mwini anati adyetse mlongo wake, aonetse onse kuti Virginia akuchira. Anagula mabanzi ofewa, nathira tiyi wamkaka.

"Ba sisi, lelo muzadya monga muntu," anatero akumwetulira. "Vakudya va bana vasila."

Ananyika chidutswa mu tiyi, nachiika m'kamwa mwa mlongo wakeyo. Nthawi yomweyo mutu wa Virginia unagwedera chambuyo. Sipanamveke kutsokomola. Panangomveka kamluzu kakang'ono ngati ka ketulo, kenaka zii. Manja ake anapalasa mpweya, chidendene chinamenya simenti mofulumira kuposa kale lonse, gugugugu, Mukuka akumumenya kumsana, akulowetsa zala kukhosi, akufuula dzina la mkazi wake. Pamene galimoto ya woyandikana nawo inkatuluka pageti kuti iwatengere kuchipatala, phazi lija linali litagona chammbali, phee, koyamba m'zaka zambiri.

"Wabwezela," anthu anatero pa maliro. "Mfiti ukaipitikisa, ikuluma poyenda."

Mukuka anavomereza, chifukwa njira ina yoganizira inali yoopsa kuposa imeneyo. Ndipo pansi pa chisoni chake panali kampumulo kamene ankachita nako manyazi. Nkhalamba yapita, yatenga wachitatu wake, ndipo mwina tsopano yakhuta.

Mwambo wa maliro unali wa masiku onse. Mipando inatulutsidwa, amayi anakhala pansi m'nyumba, abambo panja pansi pa tenti. Ndipo monga zimakhalira Mbemba akamwalira mu Lusaka, a kum'mawa anatenga malo awo. Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pa chimbuya, ubale wa nthabwala, ndipo pa maliro a wina anzawowo ndiwo amaphika, amatunga madzi, amanyoza, amapaka ofedwa ufa kumaso, ngakhale kutsanzira mayendedwe a malemu kuti misozi iphwe. Tsiku loika, m'mawa, amayi a ku Chipata anali atapaka kale Mukuka ufa mpaka m'makutu.

"Imwe Babemba mufa maningi chifukwa cha kudya kolwe!" anafuula mayi wina wonenepa, chipande chili m'manja, akunena nyama ya anyani.

"Ise tidya nyama yooneka," anayankha mkulu wina m'tenti. "Imwe mukumba mbeba monga mulibe boma!"

Anthu anaseka. Akali kuseka, geti linalira, ndipo munthu analowa akuvina.

Anali mayi wovala chitenje chakuda, mpango utaphimba mbali ya nkhope. Phewa linkadumpha, mutu unkagwedera, mwendo umodzi unkaponyedwa kumbali usanaponde. Zala zake zinkayenda pa chitenje ngati zikusaka kanthu.

"Awe, uyu mbuya wachita ova!" wina anatero, ndipo tenti yonse inaphulika. "Ni Virginia weniweni! Mupaseni ndalama aleke!"

Wina anaponya kandalama kachitsulo pamapazi pake. Mayiyo sanakayang'ane. Anapitiriza kubwera, ndipo sanali kuseka. Wotsanzira amatopa, amayang'ana anthu kuti aone ngati akusangalala, koma uyu maso ake anali ndi mantha, thukuta likuyenderera m'khosi. Phwete linayamba kuzima kuyambira kutsogolo kwa tenti kupita kumbuyo. Mayi wa chipande uja anayang'ana anzake.

"Uyu si wathu," ananong'ona.

Mutu wa mlendoyo unagwedera mwamphamvu, mpango n'kugwa. Chipumi chachikulu chija, mpata wa pakati pa mano, khutu lopindika nsonga: inali nkhope ya Nicodemus Chitalu, imene inalinso nkhope ya Virginia, amene anali gone m'bokosi kumochale. Chidendene chake chinafika pa simenti ya pakhonde. Gu. Gugu.

Mipando inagwa. Abambo a matayi analumpha zingwe za tenti, amayi m'nyumba anapanikizana pa chitseko cha kukhitchini akuitana dzina la Yesu, mphika wa nyemba unagubuduka pamoto n'kutulutsa utsi wonunkha. Wina ankafuula kuti wauka, wina kuti nkhalamba yamutuma. Tryness anakumbatira Destiny n'kumuphimba maso. Mukuka yekha sanathawe. Anakhala pampando, ufa uli mbuu kumaso, chinthucho chikumuyandikira.

"Nkandu, yembekeza! Nakuuza ati usaniyendele pasogolo!"

Pageti panalowa mayi wina wachikulire, wefuwefu, atanyamula kachikwama ndi ambulera. Anagwira wovinayo pamkono mozolowera, namukhazika pa mpando umene unatsala chilili, namubwezera mpango. Kenaka anagwada pamaso pa Mukuka, nawomba m'manja.

"Pepani, atata. Ine ndine Mnsenga wa ku Petauke, mbuya wanu, koma sininabwele kuseka. Ninkala ku Kabwata. Uyu ni Nkandu, mwana wanga. Ni mlongosi wanu."

Mayiyo anapitiriza akadali chogwada.

"Atata anu, a Chitalu, anali kubwela kwanga kale, imwe mukalibe kubadwa. Ninali kugulitsa vitumbuwa pafupi na ofesi yao. Zina iyi anamupasa ni beve. Sitinafune kusokoneza nyumba ya bene, ndiye tinankala zii. Manje tamvela kuti mwana wao mukazi wafa na matenda yamene aya, Nkandu akuti nifuna nikaone bantu banga. Nakana, walila. Nizachita bwanji?"

Anthu anali atayamba kubwerera mmodzimmodzi, ataima patali. Tryness anayandikira, mwana ali kumbuyo kwake.

"Amama," anafunsa, "ba Helen mubaziba?"

"Helen wakuti?"

"Bang'ono bao ba apongozi banga. Ba ku Samfya."

"Mayo ine, Samfya nikuziba chabe pa wailesi. Mwana uyu wakulila pa mabele yanga, mu Kabwata. Wa kwanu alibe anamuonapo, ngakhale kumupasa switi."

Nkandu anayesa kulankhula. Mawu ankatuluka odukaduka, lilime likulimbana nawo, koma Mukuka anawamva chifukwa makutu ake anali atazolowera kalankhulidwe kotero.

"Ba...tata... banakamba. Batate bao... nabo."

Mayi ake anagwedeza mutu. "Ee. Ananiuzako kamozi, atamwa. Akuti atate ao anafela ku Mufulira, ku migodi, omangiwa pa bedi na ntambo chifukwa tupi sinali kunkala pansi. Anali kuchita nazo nsoni. Akuti kwao va kuchimuna sibafunsa, ndiye ninkani yamene inafa yeka."

Mukuka anayang'ana mlongo wake watsopanoyo. Mwa mayi ameneyu munalibe dontho la mukowa wa amayi ake. Sanadyepo phala la ba Helen, sanamvepo beseni lawo. Chimene anagawana ndi Katongo ndi Virginia chinali chimodzi chokha, tambala uja, ndipo tambalayo anali atasiya chinthu chomwecho m'makola awiri osadziwana. Anthu a mumsewu amene anatola miyala Lamlungu lija ankayang'ana pansi. Mfiti imene ankaisaka sakanatha kuithamangitsa ndi miyala. Inali itagona kale kumanda itavala tayi, ndipo iyonso inachita kulandira.

Anakaika Virginia masana. Nkandu anaponya nawo dothi, dzanja lake likumwaza theka lake pambali pa dzenje.

Atabwerako, anthu akusamba m'manja pageti, Mukuka anapita kuseri, nakhala pa khomo la kanyumba kopanda munthu kaja. Tryness anamutsatira. Mukuka anaimba foni ya mwana wa msuweni wina ku Samfya, kumene ba Helen anabwerera, ndipo anadikira nthawi yaitali foniyo ikuyenda kudutsa m'makomo, nkhuku ndi ana zikumveka. Anaikweza mawu kuti mkazi wake amve nawo.

"Nani?" anafunsa ba Helen.

"Bamayo... ndine Mukuka."

"Virginia?"

"Tamuika lelo."

Nkhalambayo inalira pang'ono chabe, kulira kwa munthu amene analira kale zisanachitike. "Chinali chani?"

"Buledi." Mawu ake anasweka. "Nine ninamupasa, bamayo. Na manja yanga." Anawauza zonse, za Nkandu, za Kabwata, za agogo a ku Mufulira. "Ninakulakwilani. Ninakuchitisani nsoni pa bantu, banakutemani na mwala chifukwa cha ine. Siniziba chamene chinaningena siku ija. Munikululukile. Bwelani kunyumba."

"Chilonda chapola," anatero ba Helen. "Ine sininakukalipile, mwana wandi. Ngakhale pa basi sininakukalipile. Ninali chabe kulila."

"Mulandu wanga, niziba."

"Awe. Sininali kulila mwala." Anapuma. "Bana Destiny bali pafupi?"

"Nilipo, amama," anatero Tryness.

"Chawama, mumvele bonse. Mukuka, iwe unabadwa wofasa. Unali kutawa na nkuku ikakuyangana. Batata bako naonso banali ofasa, mpaka chaka chamene banaphwanya wailesi chifukwa cha supuni yogwa. Bamayo bako banalemba kalata kumushi ati mwamuna wanga wasanduka. Katongo anamenya mukazi wake, muntu wamene sanamenyepo na galu. Virginia anang'amba mabuku ya bana ba sukulu. Nabalela bonse batatu, naona. Kuvina kubwela pambuyo, mwana wandi. Chamene chiyamba ni ukali."

Kutsogolo kwa nyumba amayi a chimbuya anali atayambanso nthabwala zawo, akukangana za mapoto.

"Kapena ninaona molakwa," nkhalambayo inapitiriza mofatsa. "Ndine mukote, maso yasila. Yenda bakupime magazi, uzibe. Ine nizabwela na basi ya pa Chisanu. Bana Destiny, muzankala pafupi na ine, muphunzile vonse nikali na mpamvu. Sinizankalapo masiku yonse."

Foni inaduka. Mukuka anaiika pansi pa simenti, nalowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu zake, n'kuwakhalira. Tryness anaona. Anaitana Destiny, amene ankasewera ndi ana anzake pafupi ndi tenti, namukhazika pamiyendo. Mwanayo anali ndi mphuno ya amake ndi mpata wa mano wa agogo ake aamuna, ndipo Tryness anamuyang'ana nkhope yonse, mbali ndi mbali, ngati kuti chinacho chingaonekenso ndi maso.

"Mami, munigwila maningi," anadandaula Destiny. "Nifuna kuyenda kusewela."

Tryness sanamutaye.